Mkulu Amene Anandiphunzitsa Kukana

Lachitatu lapitali chakwana chaka chiwaikireni m'manda Abambo Kamtedza kwawo ku Ntcheu, ndipo akazi awo, Amayi NaJere, anandiitana pakhomo n'kundiuza kuti, “Iwe make Tamanda, poti cholembera umatha kugwira, lemba za madalawo anthu asanayambe kuthirako mchere.” Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma ndilemba zomwe ndinaona ndi maso angawa, poti eni akewo ankati mboni imanena zimene inaona basi, zakumva imasiyira ena.

Ndiyambe ndi tsiku limene anapita kusukulu, chifukwa limenelo ku Kawale kuno sitidzaliiwala. Munthu wa imvi mutu wonse, wa zidzukulu zinayi, atanyamula sutikesi ndi bulangete lomanga ndi chingwe, ulendo wa ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira zamalamulo! Abale inu, poloti yathu inadzaza ngati pali chinkhoswe. Amayi anasiya ndowa pamzere ku mpopi, ogulitsa makala anabwera manja ali bii, wina wabweretsa chigumu, wina mtedza wokazinga, wina sopo, nthungululu mpaka kumsewu. Tinawaperekeza chigulu mpaka pa siteji, ndipo kondakitala wa minibasi atamva komwe akupita anafuula, “Madala, nanga kabudula wa yunifomu mwasiya kuti?” Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi, namuuza kuti asamale pakamwapo, tsiku lina adzawafuna akadzagwidwa ndi apolisi apamsewu. Ine ndinali nditangolowa kumene lendi pa poloti yawo, ndili ndi pakati pa Tamanda, ndipo ndinaima kumbuyo kwa anthu ndikudabwa kuti kodi m'tauni muno nkhalamba nazonso zimakalembetsa sukulu.

Kale, ine ndisanawadziwe, anagwira ntchito yomasulira m'khoti zaka zambirimbiri. Majisitireti akalankhula Chingerezi iwo ankatembenuzira m'Chichewa, woimbidwa mlandu akayankha iwo ankabwezera m'Chingerezi, tsiku ndi tsiku mpaka tsitsi kuyera. Ankati pakamwa pawo padutsa milandu yochuluka kuposa minibasi za pa depoti, koma panalibe ndi umodzi womwe anaikapo maganizo awo, chifukwa womasulira ali ngati paipi, madzi amangodutsa. Atapuma pantchito, nthawi ija mphepo ya zipani zambiri itayamba kuwomba, anamva kuti anthu akuluakulu amene anagwirapo ntchito amaloledwa kulemba mayeso olowera ku yunivesite. Analemba kawiri. Koyamba analephera ndipo sanauze munthu, Amayi NaJere anachita kuipeza kalatayo m'thumba la jekete pochapa.

Awiriwa ndiye ankakangana, mayo ine! Chipinda changa chinagundana ndi khitchini yawo ndiye zonse ndinkazimva.

“Anzanu akapuma pantchito amapita kumudzi kukalima kachewere,” ankatero Amayi NaJere. “Inu mukukakhala benchi limodzi ndi ana oti munawaona akukwawa. Mutu wayamba kuwonongeka uwu.”

“Umboni wake uli kuti, NaJere?”

“Umboni ndi sutikesi iyo!”

Koma omwewo ndi amene ankawasitira malaya ndi ayironi yamakala mpaka kolala kuuma ngati chikopa, ndipo mlendo aliyense akafika, asanakhale n'komwe pansi, ankamuuza kuti bambo kulibe, ali ku yunivesite.

Abambo Kamtedza akabwera ku holide poloti yonse inkadzuka. Ankafika ndi mabuku olemera ngati njerwa, n'kukhala pakhonde kuyambira m'mawa, pensulo kukhutu, kuwerenga mokweza m'Chingerezi kenaka n'kudzimasulira okha m'Chichewa, poti chizolowezi sichipuma pantchito. Ukangodutsa pafupi wagwidwa. Ankakuuza zonse, maso akuwala ngati mwana wobwera ku sitandade wani: kuti anzawo a m'kalasi amawatchula Agogo, kuti mphunzitsi wawo wina ndi wamng'ono kwa mwana wawo woyamba koma iwo amaimirirabe akamalowa, kuti pali phunziro lina losakamba za malamulo okha koma lofunsa chifukwa chimene anthu amapalamulira, ndi chifukwa chimene ena amagwidwa pomwe ena sagwidwa. Ulendo wina kalasi yawo inakayendera ndende, ndipo atabwera anakhala tsiku lonse osadya bwino. Ankati mmenemo mwadzaza anthu onga a ku Mgona, dera la osauka lija, osati chifukwa ku Mgona kumabadwa akuba, koma chifukwa wosauka sadziwa kulankhula pamaso pa akuluakulu.

Amayi awiri akakangana za chingwe choyanikapo zovala, Abambo Kamtedza ankati aliyense anene mbali yake mpaka kumapeto, mnzake osamudula, kenaka mafunso, kenaka mboni, mpaka okanganawo kutopa n'kugwirizana okha kuti athawe madalawo. Koma pa nkhani ya akuba analibe nthabwala. Masiku amenewo anthu akagwira munthu kumsika wa Chilinde ankangomuyamba ndi miyala, ndipo Abambo Kamtedza anadana ndi amuna ambiri a m'dera lathu chifukwa chonena poyera kuti munthu sakhala wakuba mpaka khoti litamva mbali zonse ziwiri. Ena ankawanyoza kuti loya wa mbava. Iwo ankangovula chipewa n'kuthokoza kuti awapatsa uloya asanamalize n'komwe sukulu.

Tsopano ndinene za mlandu wa a Lemani, chifukwa ndi pamene ndinawadziwira bwino munthuyu.

A Lemani anali okhoma ndowa ndi mbaula, munthu wosalankhulalankhula. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, tili pamzere ku mpopi, ine Tamanda ali kumsana, kunabwera mwana wa mwini bala ya kuseri kwathu, bambo wandevu zake, ataledzera, n'kuyamba kukankha ndowa za anthu ndi phazi kuti atunge iye. Atafika pa a Lemani, omwe anali atanyamula ndowa ziwiri zodzaza, dzanja ili ina, dzanja ili ina, anaponya phazi, n'kuterereka pa ndere, mutu pa simenti khu! magazi chuchuchu. Madzulo ake tinangomva kuti a Lemani atengedwa, ati anamukhoma munthu ndi hamala m'mutu. Pa mpopi paja tinalipo ambiri, koma aliyense anati ankayang'ana kumbali, poti mwini balayo anali munthu woopedwa.

Panapita miyezi iwiri a Lemani akusungidwa kundende podikira mlandu. Ndiye m'mawa wina kunabwera mesenjala wa khoti ndi pepala la chidindo, dzina langa lili pamenepo. Chisamani! A Lemani anali atanditchula kuti ndinaona zonse. Ine ndinakula ndikudziwa kuti pepala la boma likakupeza ndiye kuti wapita, amalume anga anaitanidwa ndi kapepala kotere masiku akale aja ndipo sitinawaonenso. Bambo a Tamanda anali kutali ku ntchito ya msewu, Abambo Kamtedza anali ku Zomba, ndinalibe womufunsa. Ndinakwirira pepalalo m'chitini cha ufa, kubereka mwana, liwiro la ku Mgona kwa achemwali anga, osatsanzika ndi munthu yemwe.

Ndinakhala kumeneko sabata yathunthu, osatuluka, galimoto ikangolira kumsewu ine kubisala kuseri kwa chitseko. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndikusuzumira pa kazenera ndinaona jekete, tayi ndi ambulera zikulumpha ngalande, kufunsa khomo ndi khomo. Anali Abambo Kamtedza, atangofika ku holide dzulo lake, Amayi NaJere n'kuwaonetsa pepala lija, loyera ndi ufa, poti anali atalipeza pofuna kubwereka ufa wa phala. Ndinathawira kuseri kwa bafa.

“Make Tamanda, tuluka,” anatero ataima pabwalo. “Chitenje chako chija cha nkhanga chili pachingwe apa, chakuulula kale.”

Ndinatuluka n'kugwada m'fumbi. “Abambo, ine sindinalakwe, ndinangopita kotunga madzi.”

“Wati walakwa ndani? Iwe waitanidwa ngati mboni. Mboni imalowera khomo ili, n'kutulukira khomo lomweli, tsiku lomwelo. Ukabisala ndiye udzipalira mlandu wako, ndipo Lemani aweruzidwa khoti litamva mbali imodzi yokha. Ukudziwa zaka zimene munthu amalowa pa mlandu wovulaza?”

“Nanga mwanayu akandilanda?”

“Mwana upita naye. Majisitireti nawonso anayamwa.”

Ndinayamba kuwafotokozera zomwe ndinaona ku mpopi, koma iwo anatseka makutu ndi manja onse awiri mpaka ambulera kugwa. “Usandiuze! Nkhaniyo ndi ya khoti. Ndikaimva ine, mawa adzati Kamtedza ndiye anakuika mawu m'kamwa.” Ndipo mpaka tsiku la mlandu sanalole kumva ngakhale liwu limodzi la nkhaniyo.

Panjira pobwerera ku Kawale anandiuza chimene chinawatumiza kusukulu atakalamba. Anati m'zaka zonse zomasulira zija, chimene chinamangitsa anthu ambiri osalakwa si bodza ayi, koma ulemu. Munthu woleredwa bwino akaima pamaso pa bwana wa suti, bwanayo n'kunena kuti zinali zakutizakuti, si choncho, iye amayang'ana pansi n'kuti inde bwana, poti kwathu mkulu satsutsidwa. Ndiye iwo ankaona m'maso mwa munthuyo kuti mumtima akukana, koma pakamwa wanena inde, ndipo ntchito yawo inali kumasulira za pakamwa. Inde ameneyo ankalembedwa m'buku, munthu n'kupita kundende. Anati ainde oterowo anawanyamula pamsana zaka zonsezi ngati thumba la mchenga.

“Iwe ndimakuona,” anatero. “Uli ndi maso akuthwa, palibe chimakudutsa pa poloti paja. Koma uli ndi ulemu woopsa. Tiuchepetseko pang'ono.”

M'mawa mwake anandiimika kuseri kwa thandala la mbale, ati ndiko kabokosi ka mboni. Amayi NaJere anawakhazika pa mtondo wogadabuza kuti akhale majisitireti, iwo akusadzula nkhwani zawo osalabadira. Abambo Kamtedza anamanga tayi, manja kumbuyo, kuyenda uku ndi uku.

“Mayi, lero ndi Lamulungu, si choncho?”

Linali Lachiwiri. Koma maondo anga anali atapinda kale. “Inde abambo.”

“Imirira! M'khoti sagwada. Lero ndi lachingati?”

“Lachiwiri.”

“Nanga wavomereranji?”

“Poti mwanena ndinu.”

Amayi NaJere anaseka mpaka nkhwani kugwa m'lichero. “Mwana wa eni analeredwa bwino, inu mukufuna kumuwononga. Bwerani mundifunse ine, ndakhala ndikukukanirani zaka makumi atatu.”

“Inu digiri ya zimenezi munatenga kale, NaJere. Khalani chete, khoti lili mkati.”

Masiku atatu tinali pa ntchito imeneyi, anthu a pa poloti ataunjikana kuonerera ngati kanema. Ankanena zinthu zopanda mutu dala: mbuzi ili ndi miyendo itatu, si choncho, mvula imachokera pansi, si choncho. Ine ndinkazungulira, mwina ndi choncho abambo, kapena, mukudziwa ndinu. Ayi ankafika pakhosi n'kukakamira ngati munga wa nsomba. Kukanira munthu wa imvi, wondisunga pa poloti yake, anthu akuona! Tsiku lachitatu anavala magalasi, nkhope n'kusintha, kundiyandikira mpaka ndinamva fungo la sopo wawo.

“Mayi, mwana mwaberekayu si wanu. Munamutola pa depoti. Si choncho?”

“Ayi!” Liwu linatuluka lokha mpaka nkhuku kubalalika. “Ayi! Ndi wanga, ndinabala ndekha, Amayi awa analipo!”

Anaponya chipewa m'mwamba. “Ameneyo! Ameneyo ndiye ndimamufuna! Umumange pa chitenje, ukapite naye kukhoti.”

Tsiku la mlandu tinakwera minibasi atatu, ine, iwo ndi Amayi NaJere. Anandiuziratu kuti iwo sakalankhula kanthu, poti wophunzira saloledwa kuimira munthu, akangokhala pa benchi ya kumbuyo ngati wina aliyense. Nditalowa ndinaona a Lemani, ataonda, makutu okha ali tuu. Ndinalumbira nditagwira Baibulo, n'kufotokoza zomwe ndinaona, mawu akutuluka mothamanga moti womasulira anandipempha kawiri kuti ndizipuma. Kenaka anaimirira woimira boma pa mlanduwo, wapolisi wamkulu thupi, wa imvi ngati bambo anga ondibala. Akanakhala waukali bwenzi zili bwino. Koma analankhula mofatsa, mwaulemu, m'Chichewa chabwino, ngati akundilangiza.

“Amayi, pa mpopi paja panali anthu ambiri, inu muli ndi mwana kumsana, dzuwa likuswa. Ndiye simunaone bwinobwino, si choncho?”

Inde anali kale pa lilime. Maondo anayamba kupinda, ndinachita kugwira thabwa la kabokosi ndi manja onse awiri. Ndinacheuka kufuna Abambo Kamtedza, koma iwo sankandiyang'ana n'komwe, chipewa pa bondo, maso kudenga ngati akuwerenga malata, kuti wina asadzati ankandikodola. Ndinali ndekha.

“Ayi bwana. Ndinaona bwino. Ndinali wachitatu pamzere.”

“Chabwino. Koma hamala ija munaiona m'manja mwa Lemani, poti ndi chida cha ntchito yake.”

“Ayi bwana. Manja ali nawo awiri, ndowa zinali ziwiri. Hamalayo akanaigwira ndi mano?”

Sindinafune kuseketsa anthu, anali mantha, koma khoti lonse linaphulika mpaka majisitireti anagogoda tebulo. Wapolisi uja nkhope inada.

“Ndiye mukuti ine ndikunama?”

Apa ndiye ndinati ndafa. Tamanda anayamba kulira kumsana, thukuta likutsika m'miyendo. “Ayi bwana, sindikutero. Koma inu kunalibeko. Ine ndinaliko.”

Wapolisi uja anakhala pansi. Majisitireti, omwe anali mayi, anandiuza kuti ndikhoza kutuluka ndikayamwitse mwana, ndipo ndinatulukira khomo lomwe ndinalowera, palibe anandigwira, palibe ananditsatira. Ndinakhala pansi pa mtengo n'kulira ngati ndamenyedwa.

Chigamulo chinabwera sabata yotsatira, ndipo ulendo uno theka la poloti linapita nawo, ngakhale ena aja ankati ankayang'ana kumbali. Majisitireti anawerenga nthawi yaitali m'Chingerezi, ife osamva, koma ndinaona mapewa a Abambo Kamtedza akuyamba kugwedezeka womasulira asanatsegule n'komwe pakamwa. A Lemani alibe mlandu, apite kwawo! Tinatuluka tikukankhana pakhomo, ndipo panja, pamaso pa apolisi ndi maloya a masuti, mkulu uja anakweza fayilo yake ngati chishango, ambulera ngati chibonga, n'kuyamba kuponda ngoma ya kwawo ku Ntcheu, fumbi koboo, tayi ikuuluka. Amayi NaJere ankati, “Madala inu, mukutichititsa manyazi,” koma nthungululu yoyamba inachokera kwa iwo omwewo. A Lemani anabwera kudzawagwadira, iwo n'kuwadzutsa msanga, kuwatembenuzira kwa ine. “Ine sindinanene kanthu m'khoti muja. Thokoza uyu, wakana katatu ngati Petulo, koma iye wakana zoona.”

Abambo Kamtedza sukulu sanamalize. Kunatsala chaka chimodzi chokha. Anabwera ku holide ali bwinobwino, akukamba za mayeso, ndipo m'mawa wina anangogwa akusamba m'manja, masiku awiri kuchipatala, basi. Ku maliro kunabwera minibasi yodzaza anzawo a m'kalasi, anyamata ndi atsikana, ndipo bokosi analinyamula okha osalola wina kuligwira. Mtsikana wina polankhula anati m'kalasi mwawo mphunzitsi akamaliza za m'buku, onse ankatembenukira kwa Agogo kuti awauze mmene zimakhalira munthu weniweni akaima m'kabokosi.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda komwe kale ankasungiramo makala, iwo n'kukapaka laimu kuti azisungiramo za sukulu. Anthu mpaka lero amabwerabe, ena ochokera ku Area 23, ena ku Mgona, pepala atalipinda m'manja, kufunsa madala aja a malamulo. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wamng'ono kwa ine, khanda kumsana, milomo itauma ndi mantha. Amayi NaJere sanamuuze zambiri, anangotsegula kachipindako n'kundiitana. Ndinamuwerengera pepala lake pang'onopang'ono, chala pa mzere, ndipo m'mawa mwake ndinamuperekeza mpaka pakhomo la khoti.

M'kachipinda muja mulibe kanthu tsopano. Mabuku anatenga anzawo aja, mpando unapita kumudzi. Patsala thabwa limene anasanjika pa njerwa, lopindikabe pakati ngati likadasenza katundu, ndi madontho a inki pa simenti, akangaude ayamba kuluka pa zenera. Pakhoma pali kalendala ya chaka chatha, palibe waitembenuza, ndipo tsiku lotsegulira sukulu analizunguliza ndi pensulo kawiri.